Tabuleti isanafike pasukulu ku Phalombe, mafunso anayi ayankhidwe

Chaka ndi chaka akatswiri a maphunziro amasonkhana pamsonkhano wa eLearning Africa, umene udayamba mu 2006 ku Addis Ababa ndipo wa 2025 udachitikira ku Dar es Salaam. Pamisonkhano yotere makampani amayala matabuleti, makompyuta ndi mabuku owerengera pafoni. Woyang'anira laibulale ya sukulu ya ku Migowi kapena ku Chiringa, m'boma la Phalombe, atapezeka kumeneko angathe kuthobwa m'maso. Komatu chipangizo chowala muholo yamagetsi sichikhala chothandiza pasukulu iliyonse.

Nkhaniyi si yakutali. Mu 2023 Unduna wa za Maphunziro udayamba ndondomeko ya BEFIT m'sukulu zapulaimale 500, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Cholinga chake n'chakuti pofika 2029 ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma, kuphatikizapo za ku Phalombe, aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti. Mbewu yake idafesedwa mu 2013 pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, pomwe akatswiri a University of Nottingham adayesa pulogalamu ya masamu ya onebillion.

M'sukulu zambiri zakumudzi woyang'anira laibulale amakhala mphunzitsi amene wangosenzetsedwa udindowu pamwamba pa kalasi yake. Iye ndiye amadziwa kulemba m'kaundula, kubwereketsa ndi kulondola katundu wosochera. N'chifukwa chake ayenera kukhala ndi mawu posankha zipangizo, ndipo pali mafunso anayi oti afunse.

Loyamba ndi la magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankawunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho n'chotsika zedi. Matabuleti a BEFIT amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Chipangizo chodalira magetsi a Escom okha chingathe kugona m'katoni mpaka kuiwalika.

Lachiwiri ndi la intaneti. Ngati phunziro lililonse lifuna bandulo, adzalipira ndani teremu ndi teremu? Pulogalamu ya onecourse, imene ili m'matabuletiwa, imagwira ntchito popanda intaneti chifukwa maphunziro onse adaikidwiratu m'katimo.

Lachitatu ndi la chiyankhulo. Mwana wa Sitandade 1 amayamba kulumikiza malembo ndi maliwu m'chiyankhulo chimene amachimva. Mu onecourse mwana amavala mahedifoni n'kumamva malangizo m'Chichewa, ndipo ntchito imene amapatsidwa imagwirizana ndi pamene nzeru zake zafika. Izi n'zofunika m'kalasi yodzaza, momwe mphunzitsi mmodzi sangathe kufikira mwana aliyense. Wa laibulale aonetsetsenso kuti zimene zili m'chipangizocho sizikusemphana ndi silabasi yokonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi.

Lachinayi ndi la kasungidwe. Anthu a ku Phalombe sadaiwale Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula nyumba ndi milatho m'madera monga kwa Nkhulambe, maphunziro n'kuima ndipo sukulu zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Tabuleti imaopa madzi, fumbi ndi akuba. Tsono ogulitsa afotokoze: ikasweka galasi akonza ndani, batire likatha mphamvu lina lichokera kuti, nanga thandizo la mabungwe likadzatha ndalama zake zidzachokera m'thumba la yani?

Ngakhale mafunso onsewa atayankhidwa bwino, tabuleti silowa m'malo mwa buku. Mwana amaigwira kwa mphindi zowerengeka, kenako n'kupatsira mnzake, ndipo siloledwa kupita kunyumba. Buku lokha ndilo angalitenge kukawerengera agogo ake pakhonde. Mwana amene wangophunzira kuphatikiza malembo akasowa chowerenga, lusolo limazilala.

Choncho boma, makomiti a sukulu ndi makoleji monga Phalombe TTC, pokonza maphunziro a zipangizo zamakonozi, asamusiye kunja wosunga makiyi a laibulale. Zipangizo zikafika, alendo amajambulitsa n'kubwerera kutauni. Wotsala nazo pasukulu ndi iyeyo.