Nyumba ya Malamulo ya ku Siena ndi Lamulo la ku Mbenji

Funso: Kodi Palazzo Pubblico ndi nyumba yanji, ndipo anaimanga ndani?

Yankho: Ndi nyumba ya boma la mzinda wa Siena ku Italy. Anayamba kuimanga mu 1297, pamene mzindawo unalibe mfumu koma unkayendetsedwa ndi akuluakulu asanu ndi anayi ochokera m'mabanja a amalonda. Chigawo chapansi ndi cha miyala, chapamwamba cha njerwa zootcha. Kutsogolo kwake kuli bwalo la Piazza del Campo, lotsetsereka ngati chigoba cha nkhono, lodulidwa zigawo zisanu ndi zinayi pokumbukira olamulirawo. Nsanja yake, Torre del Mangia, anaimaliza mu 1348, chaka chimene mliri unapulula anthu mumzindamo.

Funso: Nanga m'kati muli chiyani choti munthu n'kuimirira n'kuyang'ana?

Yankho: Chipinda chimene akuluakuluwo ankakhaliramo upo. Mu 1338 ndi 1339 Ambrogio Lorenzetti anajambula makoma ake. Khoma lina likuonetsa mzinda wolamulidwa bwino: amisiri ali padenga, amalonda akutsatsa katundu, alimi akukolola, ena akuvina pamsewu. Khoma loyang'anana nalo lili ndi nyumba zogumuka, midzi ikuyaka, ndi wolamulira wa nyanga pamutu. Ukamagamula nkhani zithunzi zotere zikukuyang'ana, dzanja silifulumira kulandira chiphuphu. Komanso gulu lililonse la akuluakuluwo linkalamulira miyezi iwiri yokha, ndipo miyezi imeneyo linkadya ndi kugona momwemo, kutali ndi mabanja.

Funso: Izi zikumukhudza bwanji msodzi wa pa chilumba cha Mbenji, amene amagona mumsasa?

Yankho: Kudzipatula kumeneko sikwachilendo kwa iye. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, Mfumu Makanjira ya ku Salima imatseka chilumbachi m'nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, n'kudzatsegula mu Epulo pa mwambo umene umasonkhanitsa anthu. Wokwera bwato kupita kumeneko amasiya kumtunda mowa, chamba ndi njuga, ndipo akazi safikako (lamulo ili ena amaling'ung'udza, ndipo ali ndi mfundo). Ku Mbenji kulibe khoma lojambulidwa. Chithunzi cha ulamuliro wabwino ndi utaka woyanikidwa pathandala chilumba chikatsegulidwa.

Funso: Ulamuliro wa asanu ndi anayi uja unatha liti?

Yankho: Anaugwetsa mu 1355, nsanja ija itangotha zaka zisanu ndi ziwiri. Nyumbayo mpaka lero ndi ofesi ya khonsolo ya mzinda, ndipo mbali ina amasungiramo zinthu zakale.