Zipangizo Zoyesera Kulimba kwa Diso

M'kati mwa diso, ca kutsogolo kwace, muli madzi oyera amene amapangika kosaleka, namaturuka pa timipata tating'ono. Timipatato tikatsekeka madzi acuruka, diso lilimba monga mpira wopopedwa kwambiri, ndipo mtsempha wocokera ku diso kunka ku ubongo uyamba kufa. Nthendayi madokotala aicha glaucoma.

Kuopsa kwace nkwakuti kawirikawiri siipweteka. Iyamba kudya kupenya kwa m'mbali, mwini diso osazindikira kanthu. Isiyananso ndi ng'ala, pakuti wodwala ng'ala akacitidwa opareshoni apenyanso, koma kupenya kotayika ndi glaucoma sikubwerera. Cifukwa cace nthendayi iyenera kupezeka msanga, ndipo cipangizo cothandiza pa nchitoyi cichedwa tonometer.

M'caka ca 1905 Hjalmar Schiøtz wa ku Norway anapanga cipangizo cotere. Wodwala agona cagada, dokotala amdonthezera mankhwala oletsa ululu, naika pa diso kacitsulo kolemera magalamu 5.5. Pa diso lofewa kacitsuloko kamira kwambiri, pa lolimba kamira pang'ono, koma sikaboola. Kuyesaku kufanana ndi umo mai ayesera papaya ndi cala, kungoti apa pali muvi wosonyeza nambala.

M'zaka za m'ma 1950 Hans Goldmann wa ku Bern, m'dziko la Switzerland, anapanga cina coposa. Ico cikanikiza kadera kakang'ono ka diso, kotambalala mamilimita 3.06, kufikira kataphwatalala, niciwerenga mphamvu imene yafunika. Kufikira lero madokotala acikhulupirira kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 kunadzanso cina congopemerera mpweya, cosakhudza diso.

Mwa anthu ambiri muyeso upezeka pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Komabe nambala yokha siikwanira, popeza ena adwala muyeso wao uli wabwino. Motero dokotala ayang'ananso mtsempha uja ndi kuyesa kupenya kwa m'mbali.

Nthendayi igwira anthu a mtundu wa ku Afrika kawirikawiri ndiponso msanga kuposa Azungu, ndipo iyenda m'mabanja. Mphunzitsi, amene mau ace amveka m'mudzi, acita bwino kulangiza makolo opitirira zaka 40, makamaka amene ali ndi mbale wakhungu, kuti akayesedwe ku cipatala maso akali kupenya. Ikapezeka msanga, mankhwala odontheza kapena opareshoni zisunga kupenya kumene kwatsala.