Mukapita ku Zomba musangothera pa depoti

Anzanga, ambirife dzina loti Zomba timalimva aphunzitsi akamatiopseza ndi mayeso. N'zoona, likulu la MANEB lili komweko, ndiye ife a Folomu 2 tikangolimva mtima umagunda poganiza za JCE. Koma mzindawu si wa mayeso okha ayi.

Zomba inali likulu la dziko lino kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka mu 1975 pomwe boma linasamukira ku Lilongwe. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anapitirizabe kukumana komweko mpaka mu 1994. N'chifukwa chake m'tauni muli nyumba zambiri zakalekale za njerwa zofiira komanso mitengo ikuluikulu. Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3. Mukamalowa, yang'anani chipilala chachitali chokhala ndi wotchi: chimakumbutsa za asilikali a KAR omwe anafera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Koma nkhani yeniyeni ndi phiri. Nsonga yake imapitirira mamita 2,000 ndipo msewu wokwerera ndi wokhotakhota, ena mpaka amachita chizungulire. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, komwe kumachokera madzi omwe anthu a m'tauni amamwa, ndiponso mathithi a Williams. Kulinso dzenje la Chingwe lomwe akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu. Musasuzumire kwambiri! Kunja kukayera bwino nyanja ya Chilwa imaoneka patali ngati lata.

Kumtundako kumazizira zedi. Ine ndinapita ndi malaya okha tchuthi chathachi, malume atandiuza kuti nditenge juzi ine n'kukana, moti mano ankachita kugundana. Kamba wanu mugwiritsenso, anyani a kumeneko alibe manyazi. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa masitiroberi, koma mtengo woyamba ndi wa azungu, nenererani.

Mukatsika, dzerani mumsika waukulu mukaone matemba a ku Chilwa ndi mpunga. Kenako funsani njira ya ku Chirunga, komwe kuli Yunivesite ya Malawi imene ambiri amangoti Chanco. Ine ndinaima pa geti kanthawi ndithu n'kumaonerera anyamata ndi atsikana akulowa, mabuku ali m'manja. Mmodzi anavala nsapato zofanana ndi zanga zomwezi, za pa kaunjika.