John Rolfe: Mtsamunda amene fodya wake adadya dziko la apongozi ake

Pamsika wa dziko lonse, fodya wamasamba achikasu woumitsidwa ndi kutentha kwa moto, yemwenso alimi ena kuno ku Malawi amalima, amadziwika ndi dzina loti Virginia. Dzinali ndi la chigawo cha kummawa kwa dziko la America kumene Angerezi adakhazikitsa mudzi wawo woyamba wokhalitsa, wa Jamestown, m'chaka cha 1607. Munthu amene adachititsa kuti Virginia atchuke ndi fodya ndi John Rolfe, yemwe ambiri amangomukumbukira ngati mwamuna wa Pocahontas. Mbiri ya moyo wake, banja lake ndi chuma chomwe adasiya ikutiunikira momwe mbewu imodzi idasandutsira alendo kukhala eni nthaka, pomwe eni nthaka enieni adatsala opanda polima.

Ulendo wamasoka

Rolfe adabadwa cha m'ma 1585 ku England, ndipo mudzi wa Heacham m'chigawo cha Norfolk umamuwerengera ngati mwana wake. M'chaka cha 1609 iye ndi mkazi wake adakwera sitima yapamadzi yotchedwa Sea Venture, yomwe inkatsogolera zombo zonyamula anthu ndi chakudya kupita ku Jamestown. Mwini ulendowo idali Virginia Company ya ku London, kampani ya anthu amene adasonkha ndalama poyembekezera kuti kutsidya kwa nyanja kukapezeka golide ndi chuma china.

Mu Julayi chaka chomwecho namondwe adabalalitsa zombozo, ndipo Sea Venture idakatsakamira pamiyala ya m'mphepete mwa chilumba cha Bermuda. Anthu onse, pafupifupi 150, adapulumuka. Adakhala pachilumbapo miyezi pafupifupi khumi akukhoma zombo ziwiri zing'onozing'ono, Deliverance ndi Patience. Kumeneko mkazi wa Rolfe adachira mwana wamkazi yemwe adamutcha Bermuda, koma khandalo silidakhalitse, ndipo mayi wake naye adatsikira kulichete pasanapite nthawi yaitali.

Opulumukawo atafika ku Jamestown mu Meyi 1610 adapeza mudzi uli bwinja. Njala, matenda ndi nkhondo yolimbana ndi eni dziko zidali zitapulula anthu, moti amoyo adangotsala pafupifupi 60. Golide sadapezeke, ndipo eni kampani ku London adali atatopa nkuthira ndalama m'thumba lobooka.

Mbewu imene idapulumutsa Jamestown

Dera limene Angereziwo adakhalamo lidali ndi eni ake. Iwo ankalitcha Tsenacommacah, ndipo mudali mitundu pafupifupi 30 yomvera mfumu yaikulu Wahunsenacawh, imene Angerezi ankaitcha Powhatan. Anthuwa ankalima chimanga, nyemba ndi maungu, komanso adali ndi fodya wawo. Fodyayo adali woluma kukhosi, ndipo osuta a ku England sankamufuna. Iwo ankakonda fodya wofatsa yemwe anthu a ku Spain ankabwera naye kuchokera kuzilumba za Caribbean ndi ku South America.

Cha m'ma 1612 Rolfe adayamba kuyesa mbewu ya fodya wofatsayo panthaka ya Virginia, ndipo idachita bwino. Migolo yoyamba ya fodya wake idafika ku England mu 1614. Pofika 1617 atsamunda adatumiza mapaundi 20,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 9,000, ndipo chaka chotsatira chiwerengerocho chidawirikiza kawiri. Mfumu James Yoyamba ya ku England idali italemba kale kabuku kodzudzula kusuta mu 1604, koma msonkho wa fodya sidaukane.

Changu cha fodya chidafika poiwalitsa anthu chakudya. Bwanamkubwa Thomas Dale adachita kulamula kuti mlimi aliyense ayambe wadzala maekala awiri a chimanga asanaganize za fodya. Lamulolo silidamveke kwenikweni, pakuti Samuel Argall atabwera kudzatenga udindowo mu 1617 adapeza fodya atadzalidwa m'misewu ndi pabwalo la msika la Jamestown. Fodya adasanduka ndalama. Kampani itayamba kutumiza atsikana ochokera ku England kuti adzakwatiwe, mwamuna wofuna mkazi ankalipira ulendo wake ndi mapaundi 120 a fodya, ndipo kenaka mtengowo udakwera kufika pa 150.

Ukwati wa mkaidi

M'chaka cha 1613 Argall yemweyo, pomwe adali woyendetsa sitima, adagwira mwachinyengo mwana wamkazi wa Powhatan. Dzina lake lenileni lidali Matoaka, ndipo Pocahontas lidali dzina lapaubwana. Cholinga chidali choti bambo wake abweze Angerezi omwe adawagwira pamodzi ndi mfuti ndi zipangizo. Zokambiranazo zidatenga nthawi, ndipo mtsikanayo ali m'manja mwa adani ake adaphunzitsidwa Chikhristu ndi mbusa Alexander Whitaker, nabatizidwa dzina loti Rebecca.

Rolfe adalembera kalata Dale yopempha chilolezo chomukwatira. M'kalatamo adavomera kuti mtima wake udakodwa, koma adatsindika kuti akuchita zimenezi pofuna ubwino wa mudzi wa atsamunda, ulemu wa dziko lake ndi chipulumutso cha mtsikanayo. Ukwati udachitika mu Epulo 1614. Powhatan sadapiteko yekha, koma adatuma m'bale wake wachikulire ndi ana ake aamuna awiri. Pocahontas mwini wake sadasiye cholemba chilichonse chonena zakukhosi kwake, ndipo mbiri yapakamwa ya mtundu wa Mattaponi imanena kuti adakwatiwa mokakamizidwa. Chosatsutsika nchakuti pa tsiku la ukwati wake adali atakhala chaka chathunthu ali mkaidi.

Ukwatiwu udadzetsa mtendere wa zaka zingapo, ndipo mu 1615 awiriwa adabereka mwana wamwamuna, Thomas. Mbiri ya m'deralo imati banjali lidakhala pamunda wa Varina, m'mbali mwa mtsinje wa James. Panthawiyi nkuti Rolfe ali mlembi wa boma la atsamundalo.

Angerezi ankamutchula Pocahontas ngati mwana wa mfumu woyenera kulowa ufumu, potengera mwambo wakwawo. Koma mwambo wa anthu a Powhatan udali wofanana ndi umene Achewa amaudziwa bwino: ufumu unkatsata mbumba. Mfumu ikamwalira, ankalowa ndi abale ake aamuna, kenaka alongo ake, kenaka ana a alongowo. Ana a mfumu eni ake sankalowa ufumu wa bambo wawo. Motero ukwatiwo sudapatse Rolfe kapena mwana wake mpando uliwonse pakati pa eni dziko. Chimene udapereka kwa atsamunda ndi mpata wolima mosaopa mivi.

Mu 1616 kampani idatengera banjali ku England pamodzi ndi anthu ena a Powhatan, kuti anthu andalama aone ndi maso kuti Virginia ndi malo oyenera kuikako chuma. Pocahontas adalandiridwa ndi akuluakulu a ku London ndipo mu Januwale 1617 adakaonera sewero kunyumba yachifumu. Mu Marichi, ulendo wobwerera utangoyamba, adadwala namwalira ku Gravesend ali ndi zaka pafupifupi 20. Adaikidwa kutchalitchi cha St George pa 21 Marichi. Thomas, yemwe nayenso ankadwala, adasiyidwa ku Plymouth ndipo pambuyo pake adaleredwa ndi Henry Rolfe, m'bale wa bambo wake. John Rolfe adabwerera ku Virginia ndipo sadadzamuonenso mwanayo.

Fodya afuna malo ndi manja

Mlimi aliyense wa fodya amadziwa zinthu ziwiri za mbewuyi. Choyamba, imagugitsa nthaka. Ku Virginia, kumene sankathira manyowa, munda unkatha mphamvu m'zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mlimi ankaswa mphanje pena. Chachiwiri, imafuna manja ambiri, kuyambira kunazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kuumitsa mpaka kusankha masamba.

Pofuna kupeza manjawo, mu 1618 kampani idakhazikitsa dongosolo loti aliyense wolipirira munthu ulendo wochokera ku England azipatsidwa maekala 50. Amphawi ankabwera pa mgwirizano wogwirira ntchito wowalipirirayo zaka zingapo popanda malipiro. Wobweretsa antchito ambiri ndiye ankapeza malo ambiri, ndipo malo abwino adali m'mbali mwa mitsinje, momwe mudali midzi ndi minda ya anthu a Powhatan. Walira mvula walira matope: mtendere umene ukwati wa Rolfe udabweretsa ndi womwe udalola fodya wake kufalikira, ndipo kufalikirako ndiko kudaupha mtenderewo.

Rolfe yemweyo ndiye adasiya umboni wolembedwa wa manja ena omwe adadzasenza ulimiwu. M'kalata yopita kwa Sir Edwin Sandys, mkulu wa kampani, adafotokoza kuti kumapeto kwa Ogasiti 1619 sitima ina idafika ku Point Comfort ndi anthu akuda opitirira pang'ono 20, ndipo akuluakulu adawagula posinthanitsa ndi chakudya. Anthuwa adatengedwa kudoko la Luanda ku Angola pa sitima ya Apwitikizi yonyamula akapolo, São João Bautista, imene idalandidwa katundu panyanja ikupita ku Mexico. M'zaka zotsatira malamulo a ukapolo adakhwima, ndipo mu 1662 Virginia adalamula kuti mwana wobadwa kwa mayi kapolo naye ndi kapolo.

Wilo ndi chuma chamasiye

Cha m'ma 1619 Rolfe adakwatira kachitatu. Mkazi wake adali Jane, mwana wa mtsamunda mnzake William Pierce, ndipo adabereka mwana wamkazi, Elizabeth. Kalembera wa mu 1625 akusonyeza kuti pakhomo pa Pierce pankakhala mayi wina wa ku Africa wolembedwa dzina loti Angelo, mmodzi mwa amene adafika mu 1619.

Pa 10 Marichi 1622 Rolfe, ali wodwala, adalemba wilo. Malo ake a kutsidya kwa mtsinje wa James, moyang'anana ndi Jamestown, adawapereka kwa Thomas. Gawo lake la malo a ku Mulberry Island adalisiyira Jane ndi Elizabeth, ndipo udindo woyang'anira zonsezi adaupereka kwa apongozi ake, a Pierce. Munthu amene adafika ku Virginia wochokera m'sitima yosweka, adamwalira chaka chomwecho ali mwini minda mbali zonse ziwiri za mtsinje.

Patangotha masiku 12 chilembereni wiloyo, pa 22 Marichi, eni dziko adaukira. Powhatan adali atamwalira mu 1618, ndipo mphamvu zidali m'manja mwa m'bale wake Opechancanough. Pa tsiku limodzi atsamunda 347 adaphedwa m'minda ndi m'nyumba zawo. Angerezi adabwezera kwa zaka zambiri potentha midzi ndi kuononga chimanga. Mu 1624 mfumu ya ku England idalanda kampani ulamuliro, Virginia nakhala pansi pa ufumu mwachindunji. Opechancanough adaukiranso mu 1644 ali nkhalamba, koma adagwidwa naphedwa ali m'ndende ku Jamestown mu 1646.

Mdzukulu wa mfumu, msilikali wa atsamunda

Thomas Rolfe adabwerera ku Virginia cha m'ma 1635 kudzatenga cholowa chake. Mu 1641 adachita kupempha chilolezo kwa bwanamkubwa kuti akaone abale a mayi wake, kuphatikizapo Opechancanough. Koma mu 1646 boma lidamupatsa udindo woyang'anira linga la Fort James pamtsinje wa Chickahominy, lomangidwa pofuna kutchinga abale omwewo, ndipo lidamuwonjezera maekala 400. Kukadakhala kwa amayi ake, iye akadawerengedwa wa mtundu wawo. Malamulo a cholowa a Angerezi ndi minda ya fodya zidamuika mbali inayo.

Mwana wake wamkazi, Jane, adakwatiwa ndi Robert Bolling mu 1675, ndipo kudzera mwa mwana wawo John mudatuluka mabanja otchuka a ku Virginia. Mmodzi mwa zidzukulu zakutali adali Edith Bolling, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la America Woodrow Wilson.

Ukwati ngati wa Rolfe ndi Pocahontas udaletsedwa ndi lamulo la Virginia mu 1691. Mu 1924 chigawochi chidakhwimitsa tsankholo ndi lamulo loti mzungu ndi yekhayo wopanda magazi a mtundu wina uliwonse. Apa padabuka vuto, pakuti mabanja olemera omwe ankanyadira kuti ndi zidzukulu za Pocahontas akadaleka kukhala azungu. Opanga malamulo adaikamo mpata woti amene magazi ake a eni dziko sapitirira gawo limodzi mwa magawo 16 aziwerengedwabe mzungu. Lamulo loletsa maukwati a mitundu yosiyana lidathetsedwa ndi bwalo lalikulu la milandu la America mu 1967.

Mwa mitundu imene inkamvera Powhatan, iwiri yokha ndiyo idasunga malo ake osungidwa ndi pangano kuchokera m'zaka za m'ma 1600. A Pamunkey ali ndi maekala pafupifupi 1,200, ndipo a Mattaponi pafupifupi 150. Chaka chilichonse mu Novembala mafumu awo amapita kwa bwanamkubwa wa Virginia ku Richmond atanyamula nyama ya m'tchire, monga msonkho wa malowo, potsata pangano lomwe makolo awo adachita ndi Angerezi mu 1677.