Digiri ya PhD pa Sayansi ya Zamankhwala: Zaka Zofunafuna Yankho la Funso Limodzi

Piritsi lililonse limene wodwala amalandira pawindo la chipatala limakhala litadutsa m'manja mwa akatswiri ambiri amene wodwalayo sadzawaona ndi maso, ndipo ambiri mwa akatswiriwo anatha zaka zingapo akuphunzira luso lofufuza zinthu zimene zinali zisanadziwike. Maphunziro amenewa ndi amene amathera pa digiri ya PhD, yomwe ndi digiri yapamwamba kwambiri imene sukulu ya ukachenjede imapereka kwa munthu amene wachita kafukufuku wakewake ndi kuwonjezera chidziwitso chatsopano pa zimene dziko linkadziwa kale. Pa sayansi ya zamankhwala, kafukufukuyo amakhudza mmene mankhwala amapezekera, mmene amapangidwira, mmene amayendera m'thupi ndiponso mmene angasungidwire kuti mphamvu yake isathe asanafike kwa wodwala.

Wogawa mankhwala ndi wofufuza mankhwala

Anthu ambiri amasokoneza digiriyi ndi maphunziro a katswiri wa kufamase, amene ntchito yake ndi kusunga mankhwala, kuwapereka motsatira zimene dokotala walemba ndi kulangiza wodwala za kamwedwe kake. Ku Malawi, katswiri wotere amaphunzira digiri yoyamba, monga imene imaperekedwa ku Kamuzu University of Health Sciences, kenako amalembetsa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuti aloledwe kugwira ntchito. Ku United States, munthu wofuna ntchito yomweyi amatenga digiri yotchedwa PharmD, yomwe imamupatsa dzina laulemu lakuti dokotala ngakhale kuti cholinga chake ndi kusamalira odwala. PhD ili ndi cholinga china, pakuti imaphunzitsa munthu kufunsa funso limene palibe buku limene linaliyankha, kukonza njira yolifufuzira, ndi kuteteza yankho lake pamaso pa akatswiri anzake. Ndiye chifukwa chake amene amalowa maphunzirowa sachokera ku famase kokha, koma ena amachokera ku chemistry, ku biology, ku udokotala ngakhalenso ku masamu.

Nthambi zake poyang'ana mankhwala a malungo

Mankhwala a LA, amene dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 m'malo mwa SP, yemwenso analowa m'malo mwa chloroquine mu 1993, akhoza kuonetsa bwino nthambi za sayansiyi. Nthambi ya pharmacognosy imafufuza mankhwala ochokera ku zomera ndi zachilengedwe zina, ndipo kafukufuku wa mtundu umenewu ndi amene anathandiza mayi Tu Youyou a ku China ndi anzawo kupeza artemisinin mu chomera cha Artemisia annua kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2015. Nthambi ya medicinal chemistry imasintha kapangidwe ka mankhwala kuti agwire ntchito bwino koposa, monga mmene artemisinin anasinthidwira n'kukhala artemether, pamene pharmacology imafotokoza zimene mankhwala amachita akakumana ndi tizilombo toyambitsa matenda kapena ziwalo za thupi.

Nthambi ya pharmacokinetics imatembenuza funsolo n'kufufuza zimene thupi limachita pa mankhwalawo, kuyambira pamene alowa m'magazi kuchokera m'matumbo, kufalikira m'ziwalo, kuphwanyidwa ndi chiwindi, mpaka kutuluka. Piritsi limodzi la LA lili ndi mamiligalamu 20 a artemether ndi mamiligalamu 120 a lumefantrine, ndipo awiriwa anaphatikizidwa chifukwa artemether amapha tizilombo ta malungo mofulumira koma amatha m'magazi pakangopita maola ochepa, pamene lumefantrine amakhalitsa masiku angapo n'kumalizitsa totsalira. Ofufuza anapezanso kuti lumefantrine amalowa bwino m'magazi ngati wodwala wadya chakudya chokhala ndi mafuta kapena wamwa mkaka, motero malangizo amene namwino amapereka akuti munthu adye asanamwe mankhwalawa anachokera m'magazi a anthu ambiri amene anayezedwa ola ndi ola. Nthambi ya pharmaceutics nayo imaona za maonekedwe amene mankhwala amafikira kwa wodwala, kaya piritsi, madzi, jakisoni kapena odzola, ndipo ndi imene inabweretsa piritsi la LA losungunuka m'madzi pang'ono ndiponso lotsekemera, kuti mwana wamng'ono asamalilavule chifukwa cha kuwawa.

Mmene maphunzirowa amayendera

M'mayiko ambiri munthu amaloledwa kuyamba PhD atamaliza digiri yachiwiri ya masitazi, ngakhale kuti sukulu zambiri za ku United States zimalandira amene ali ndi digiri yoyamba yokha n'kuwaphunzitsa m'kalasi kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, pambuyo pake n'kuwalembetsa mayeso oona ngati akuyenera kupitiriza. Kumeneko maphunziro onse amatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, pamene ku Britain ndi ku South Africa, kumene wophunzira amayamba kafukufuku akangofika, kawirikawiri amatenga zaka zitatu kapena zinayi. Kulikonseko, chinthu chachikulu chimene chimaumba ulendo wonse ndi mlangizi, amene ambiri amamutcha supavaiza, yemwe amakhala katswiri wa nkhani imene ikufufuzidwayo, mwini labotale ndiponso wosaka ndalama zogulira zipangizo. Dzina la yunivesite lili ndi kulemera kwake, koma wophunzira amene wapeza mlangizi wokhala ndi nthawi yowerenga zolemba zake ndi kumudzudzula moona mtima amakhala wapeza chuma choposa dzinalo.

Chaka choyamba chimathera pa kuwerenga zonse zimene ena analemba pa mutuwo ndi kuchepetsa funso mpaka litakhala lotheka kuliyankha. Funso lakuti mankhwala a malungo angakonzedwe bwanji kuti akhale abwino ndi lalikulu kwambiri moti silingathe m'moyo wa munthu mmodzi, koma funso lakuti piritsi lakutilakuti limataya mphamvu yochuluka bwanji likasungidwa pamalo otentha ndi achinyezi kwa chaka chathunthu likhoza kufufuzidwa n'kuyankhidwa. Ngati kafukufukuyo akhudza anthu kapena nyama, sangayambe komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku isanavomereze, ndipo munthu aliyense wotenga nawo mbali amayenera kufotokozeredwa zonse m'chinenero chimene amamva asanavomere mwa kufuna kwake.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yobwerezabwereza ndipo imafuna kudekha kumene akuluakulu ankanena pa mwambi wa maso a nkhono. Wophunzira wofufuza za kakhalitsidwe ka mankhwala amaika mapiritsi m'kabati yapadera imene kutentha kwake kumakhala madigiri 40 ndipo chinyezi chake chimakhala 75 peresenti, n'kumatulutsamo ochepa pa nthawi zoikika mpaka miyezi isanu ndi umodzi itakwana. Amawapera, kuwayeza pasikelo yotha kuzindikira kachigawo kakang'ono ka miligalamu, kuwasungunula ndi kuwasefa, kenako amawalowetsa m'makina otchedwa HPLC, amene amalekanitsa zinthu zosakanikirana m'madzimo n'kujambula pakompyuta timapiri tosongoka toonetsa kuchuluka kwa chilichonse. Kaphiri ka mankhwala enieni kakayamba kufupika, pambali pake n'kumera kena kachilendo, ndiye kuti mankhwalawo ayamba kuwonongeka, koma wofufuza sangalengeze zimenezo asanabwereze kuyezako kangapo ndi kutsimikiza kuti vuto silili m'makina kapena m'manja mwake. Zonse zimalembedwa m'buku la mu labotale pamodzi ndi tsiku lake, ngakhale zimene zalephereka, chifukwa kubisa zotsatira zosakondweretsa ndi mlandu waukulu umene ukhoza kuphetsa odwala m'tsogolo.

Pamapeto pake wophunzira amalemba buku lalikulu la kafukufuku wake lotchedwa thesis, ndipo sukulu zambiri zimayembekezeranso kuti zina mwa zotsatira zake zisindikizidwe m'magazini a sayansi, m'mene nkhani imayamba yaunikidwa ndi akatswiri ena isanatuluke. Ku Britain mayeso omaliza amatchedwa viva, ndipo amakhala kukambirana kwa maola angapo ndi oyesa awiri, wina wa payunivesite pomwepo ndi wina wochokera kwina, amene amatsegula bukulo tsamba ndi tsamba n'kumafunsa chifukwa chimene njira ina inasankhidwira m'malo mwa inzake.

Chifukwa chake Africa ikufunika ofufuza ake

Mankhwala ambiri amene amamwedwa mu Africa anapangidwa ndi kuyesedwa koyamba m'mayiko akutali, pa anthu amene chibadwa chawo, zakudya zawo ndi matenda awo ena n'zosiyana ndi za kuno. Pulofesa Collen Masimirembwa wa ku Zimbabwe, amene anachita PhD yake ku Karolinska Institutet ku Sweden, anaonetsa pamodzi ndi anzake kuti anthu ambiri a mu Africa ali ndi chibadwa chimene chimachititsa chiwindi chawo kuphwanya mankhwala ena pang'onopang'ono, kuphatikizapo efavirenz wa HIV, motero mlingo umene uli woyenera kwa ena umaunjikana m'magazi mwawo n'kumawachititsa chizungulire ndi maloto oipa. Kafukufuku wa mtundu womwewu ndi amene anaonetsa kuti rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amafulumizitsa chiwindi kuchotsa dolutegravir m'magazi, n'chifukwa chake wodwala amene akumwa onse awiri amauzidwa kumwa dolutegravir kawiri pa tsiku.

Pulofesa Kelly Chibale wa ku Zambia, amene anaphunzira ku University of Zambia asanakachite PhD ya chemistry ku Cambridge, anakhazikitsa malo ofufuzira mankhwala atsopano otchedwa H3D ku University of Cape Town mu 2010. Gulu lake, mogwirizana ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture, linapeza mankhwala a malungo otchedwa MMV390048, amene anafika poyesedwa pa anthu, koma sanafike m'zipatala chifukwa mayeso a pa makoswe anaonetsa kuti akhoza kulemaza mwana wosabadwa. Izi n'zofala pa ntchito imeneyi, pakuti mankhwala atsopano amatenga zaka 10 mpaka 15 kuti afike kwa wodwala ndipo ambiri amagwera panjira, komabe labotale, luso ndi ophunzira amene anakulira pa ntchitoyo zinatsalira mu Africa momwemo. Palinso nkhondo yolimbana ndi mankhwala achinyengo ndi osakwanira mphamvu, amene bungwe la World Health Organization linanena mu 2017 kuti ndi pafupifupi amodzi mwa khumi alionse m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo kuwazindikira kumafuna anthu odziwa kuyeza mwaluso ndi kutsimikizira zimene apeza.

Zoyenera kulingalira munthu asanayambe

Maphunzirowa ndi okwera mtengo chifukwa cha makina ndi zipangizo za mu labotale, kotero ophunzira ambiri amadalira thandizo lochokera ku ndalama za kafukufuku wa mlangizi wawo kapena ku mabungwe monga Commonwealth Scholarship Commission ya ku Britain ndi DAAD ya ku Germany. Ndalama zimene wophunzira amalandira pamwezi nthawi zambiri zimachepera malipiro a anzake amene anayamba ntchito, ndipo kwa munthu amene abale akumuyang'anira kuti alipirire ana sukulu, nkhaniyi imayenera kukambidwa pabanja poyera ulendo usanayambe. Akamaliza, ena amaphunzitsa ku yunivesite, ena amalowa m'mafakitale opanga mankhwala, ena m'mabungwe a boma amene amaunika mankhwala asanaloledwe kugulitsidwa, ndipo ena amatsogolera mayeso a mankhwala pa odwala. Amene amapirira mpaka kumapeto kawirikawiri amakhala amene anali ndi funso lowasowetsa tulo, lomwe mwina analitola pamene ankagwira ntchito m'chipinda chotentha chosungiramo mankhwala pachipatala chakumudzi, kapena pamene anaona mayi akuphwanya piritsi la munthu wamkulu pasupuni kuti agawireko khanda lake. Mafunso otere amadziwika bwino ndi amene amakhala nawo pafupi, ndipo digiri ya PhD imawapatsa zida zowayankhira m'njira imene dziko lonse lingaikhulupirire.