Mafuwa Atatu a Phunziro la Nyimbo

Mwa maphunziro onse a ku sekondale, ndi ochepa amene avutitsa aphunzitsi monga phunziro la nyimbo. Masamu amayesedwa papepala, mbiri yakale nayonso papepala, koma nyimbo imakhala m'khutu, pammero ndi m'zala. Nanga mwana angaiphunzire bwanji m'kalasi, ndipo woyesa angadziwe bwanji kuti waidziwa? Dziko la England linalimbana ndi funso limeneli kwa zaka zambiri, ndipo yankho limene linapeza ndi lakuti mwana aziphunzira zinthu zitatu pamodzi: kumvetsera, kupeka ndi kuimba. Zitatuzi zili ngati mafuwa, pakuti kuchotsapo limodzi mphika sukhazikika.

Chisanafike chaka cha 1988, ana a zaka 16 m'dzikomo ankalemba mayeso a O Level kapena a CSE. Pa phunziro la nyimbo, mayeso a O Level ankafuna makamaka kuti mwana adziwe malamulo a kalembedwe ka nyimbo, akhoze kulukanitsa mawu papepala, ndiponso aloweze mbiri ya opeka nyimbo otchuka a ku Ulaya. Ana amene ankalimba mtima kulemba mayesowo anali owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo anali a makolo okhoza kulipira mphunzitsi wapadera wa piyano kapena vayolini. Mnyamata wodziphunzitsa yekha gitala, ngakhale akhale waluso chotani, analibe potulutsira luso lakelo.

Amene anayamba kutsutsa kaphunzitsidwe kameneka anali aphunzitsi okhaokha. Mu 1970 John Paynter ndi Peter Aston anatulutsa buku lotchedwa Sound and Silence, momwe anaonetsa kuti mwana wamba angathe kupeka nyimbo yakeyake ndi zoimbira zilizonse zimene zili pafupi, monga momwe amalembera chimangirizo kapena kujambula chithunzi asanakhale katswiri. Kuyambira mu 1973 Paynter anatsogolera kafukufuku wamkulu wa kaphunzitsidwe ka nyimbo ku sekondale, ali pa yunivesite ya York. Mu 1979 Keith Swanwick, m'buku lake lotchedwa A Basis for Music Education, anafotokoza kuti mtima wa phunziroli ndiwo kupeka, kumvetsera ndi kuimba, ndipo kuti mbiri ya nyimbo ndi kuzoloweza zala ndi zongothandizira zitatuzo. Maganizo amenewa ndiwo analowa m'mayeso atsopano a GCSE, amene anayamba kuphunzitsidwa mu 1986 ndi kulembedwa koyamba mu 1988.

Malinga ndi malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2016, malikisi amagawidwa motere: pa 100 alionse, 40 ndi a kumvetsera, 30 a kupeka, ndipo 30 a kuimba. Pa kumvetsera, ana amakhala m'chipinda cha mayeso, nyimbo zojambulidwa ziseweredwa kangapo, iwo namayankha mafunso. Afunsidwa kuti atchule zoimbira zimene zikumveka, anene kagundidwe ka nyimboyo, aonetse pamene chigawo china chabwerezedwa, mwinanso alembe manotsi a kachidutswa kamene angokamva kumene. Bungwe loyesa la Edexcel linasankha nyimbo zisanu ndi zitatu zoti ana aziphunzire mozama, ndipo mayeso ake amatenga ola limodzi ndi mphindi 45. Mwa nyimbozo muli ina ya Johann Sebastian Bach yochokera m'gulu la Brandenburg la mu 1721, ina ya Beethoven, ina ya gulu la Queen ya mu 1974, ndi ina imene John Williams anapekera kanema wa Star Wars wa mu 1977. Bach ndi Queen aikidwa pa mphasa imodzi, ndipo mwana ayenera kuwamvetsera onse ndi khutu limodzimodzi lofufuza.

Pa kupeka, mwana amapereka nyimbo ziwiri zosachepera mphindi zitatu zikaphatikizidwa. Imodzi amaipeka motsata mutu umene bungwe loyesa lapereka, inayo mwa kufuna kwake. Pa kuimba, ayenera kuimba kwa mphindi zosachepera zinayi, ndi mawu kapena ndi choimbira chimene wasankha, ndipo mphindi imodzi kapena kuposerapo ikhale yoimba pamodzi ndi anzake. Lamulo lomalizali lili ndi nzeru, chifukwa woimba pagulu sangathamange yekha. Ayenera kutchera khutu kwa mnzake, kudziwa polowera, ndi kutsitsa mawu pamene wina akutsogolera. Motero ngakhale m'mayeso a kuimba, khutu likuyesedwa ndithu.

Kulumikizana kwa zitatuzi kumaoneka bwino pa nyimbo ina ya m'gulu lomwelo, yotchedwa Music for a While, imene Henry Purcell anapeka cha mu 1692. Pansi pa nyimboyi pali kachidutswa kakafupi ka mawu abesi kamene kamabwerezedwabwereza, pamene woimba pamwamba akuyenda njira zosiyanasiyana. Mwana akauzidwa zimenezi ndi pakamwa pokha, aloweza lero naiwala mawa. Koma mphunzitsi wanzeru amayamba wamumvetsa nyimboyo kufikira atakazindikira yekha kachidutswako. Kenaka amamupatsa kuti akaimbe pa piyano kapena pa gitala, mnzake akuimba zapamwamba. Potsiriza amamuuza kuti apeke kachidutswa kake ndi kumangapo nyimbo. Apa mpamene mwana amakumana ndi vuto limene Purcell anakumana nalo: kodi chinthu chobwerezabwereza chingalekerenji kutopetsa? Akabwerera kukamvetseranso, amva zimene sanazimve poyamba, monga momwe mawu apamwamba amapitirira osapuma pamene besi ikuyambiranso, kuti msoko usaoneke.

Kwa munthu wokulira m'midzi ya Achewa, njira imeneyi si yachilendo konse. Pabwalo, ng'oma zina zimagwira kaimbidwe kamodzi kosasintha pamene mbalule ikusinthasintha potsata mapazi a wovina, ndipo mnyamata amaiphunzira ng'omayo pomvetsera akulu, poyeserera pa chitini, ndi poikamo zakezake. Chimene aphunzitsi a ku England anachita ndicho kulowetsa kaphunziridwe kachibadwa kotere m'kalasi ndi kukapezera malikisi.

Komatu sikuti mavuto onse anatha. Luso la kuimba limafuna zaka, ndipo nyimbo yovuta ikaimbidwa bwino imawonjezera malikisi, kotero mwana amene anayamba vayolini ali wamng'ono, makolo akulipira, amakhalabe patsogolo pa mnzake. Kuyesa nyimbo yopekedwa nakonso n'kovuta, pakuti oyesa awiri angathe kusiyana maganizo pa nyimbo imodzi, ndipo alipo aphunzitsi amene amaphunzitsa ana kupeka mongokwaniritsa zofuna za oyesa. Kuwonjezera apo, mu 2010 boma linakhazikitsa muyeso wotchedwa English Baccalaureate, woyezera sukulu potsata mmene ana akhozera Chingerezi, masamu, sayansi, chilankhulo china, ndi mbiri yakale kapena jogalafe. Nyimbo inasiyidwa kunja, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero cha olemba mayeso a nyimbo chinatsika kwambiri. Kalasi ikachepa, mkulu wa sukulu amayamba kufunsa ngati n'koyenera kuisunga, ndipo ikatsekedwa amene amataya mwayi ndi mwana wa wosauka, yemwe alibe kwina kokaphunzirira.

Pamene ndalama zachepa, chiyeso chimakhala chakuti phunziroli libwerere papepala, popeza choko ndi bolodi n'zotsika mtengo kusiyana ndi zoimbira. Koma ndondomeko ya mafuwa atatu silira piyano ya mtengo wapatali. Mawu a ana, manja awo, ng'oma imodzi ndi chojambulira mawu n'zokwanira kuti kalasi imvetsere, ipeke ndi kuimba. Chosowa kwenikweni ndicho mphunzitsi wophunzitsidwa bwino ndi maola okwanira pa ndandanda ya sukulu. Makolo ndi akuluakulu a sukulu ofuna kudziwa ngati phunziroli likuyenda angathe kufunsa mwana mafunso atatu pakutha pa teremu: wamva chiyani chatsopano, waimba chiyani ndi anzake, ndipo wapeka chiyani chakechake.