Mvula Yasintha: Tichitepo Chiyani?

Anzathu a ku Mitundu ndi ku Nathenje, inu nomwe mwaona kuti mvula ya masiku ano si ija ya kale. Imachedwa kuyamba. Ikayamba, imadula chimanga chili m'maondo. Nthaŵi zina imagwa yamphamvu tsiku limodzi n'kukokolola mizere. M'chaka cha 2016 kunali chilala. Mu 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a m'Malaŵi muno ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Zimenezi ndiye akuti kusintha kwa nyengo.

Kodi chimayambitsa n'chiyani?

Tikatentha nkhuni, makala, petulo kapena malasha, pamatuluka mpweya wina wosaoneka ndi maso. Dzina lake ndi mpweya wa kaboni. Mpweyawu ukachuluka mlengalenga umafunda dziko ngati bulangete. Kutentha kwa dzuŵa kumaloŵa, koma kumavutika kutuluka. Dziko likatentha, mvula ndi mphepo zimasokonekera.

Wambiri mwa mpweyawu umachokera m'mafakitale ndi m'magalimoto a maiko olemera. Komabe nafenso tili ndi mbali yathu. Mtengo umamwa mpweya wa kaboni n'kuusunga m'thunthu mwake. Tikaudula n'kuutentha, mpweya uja umabwerera mlengalenga. Mtengo umathandizanso kuti madzi a mvula aloŵe pansi m'malo mothamanga.

Taonani nkhalango ya Dzalanyama, kumadzulo kwa Mitundu. Inakhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imayambira kumeneko. Madzi a Lilongwe ndi amene amadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene anthu a mumzinda amamwa. Koma mitengo yambiri ya kumeneko yathera m'mauvuni a makala. Mu 2015 Boma linatumizako asilikali kukailondera. Kodi msilikali angalondere mtengo uliwonse? Iyayi. Ntchito yeniyeni ili pakhomo panu ndi m'munda mwanu. Nazi zinthu zinayi zimene mungachite.

1. Phikani pa mbaula ya dongo

Pa mafuwa atatu moto umamwazika, ndipo mphepo imadya nkhuni. Mbaula ya Chitetezo, youmbidwa ndi dongo, imasonkhanitsa moto pansi pa mphika. Imalira nkhuni zochepa. Tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo zimakwana kuphikira nsima. Mtolo ukakhalitsa, mai sapita kaŵirikaŵiri kunkhuni, ndipo mitengo imapuma. Nyemba muziziviika usiku kuti zisachedwe kupsa.

2. Lerani mphukira

Si mtengo uliwonse umene umafuna mbande. M'munda ndi m'thengo muli zitsa zamoyo zimene zimaphukira chaka ndi chaka. Musazizule. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziŵiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu. Zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa. Mphukira zimakula msanga chifukwa mizu yake ndi yakale. Njirayi silira ndalama. Nthambi zimene mwasadza ndi nkhuni zanu.

3. Bzalani mitengo ndi kuisamala

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Koma musadikire Epulo. M'mera mpoyamba. Bzalani mvula ikakhazikika, kuti mizu igwire chilimwe chisanafike. Kumbani dzenje msanga, ndipo sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa. Tchingirani kamtengoko ndi minga kuopa mbuzi. Mvula ikatha, lambulani udzu mozungulira kuopa moto wolusa.

M'munda bzalani msangu. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthaŵi ya dzinja, choncho suphimba chimanga, ndipo masambawo amasanduka chonde. Pakhomo bzalani mango, mapeyala ndi magwafa. Inu olima fodya, khalani ndi munda wanuwanu wa mitengo ya milimo, kuti mukafuna kumanga chigafa musaloŵe m'nkhalango. M'mbali mwa mtsinje siyani mitengo ndi bango, osalima mpaka kugombe.

4. Musatenthe mapesi

Mukakolola, musasonkhe moto m'munda, ngakhale pofuna mbeŵa. Moto umasandutsa chakudya cha nthaka kukhala utsi. Yalani mapesi pansi ngati chofunda, kapena akwirireni m'mizere, kapena pangirani manyowa. Nthaka yofundidwa imasunga chinyontho mvula ikadula. Pangani mizere yopingasa chitunda, ndipo tsekani m'makwalala kuti madzi aime n'kuloŵa pansi. M'munda wotsetsereka bzalani udzu wa vetiva pa akalozera.

Musachite nokha

Mutu umodzi susenza denga. Inu mukalera mphukira, mnansi n'kuyatsa tchire, ntchito yanu yapita pachabe. Kambiranani ndi a mfumu kuti mudzi ukhale ndi nkhalango yake, ndi malamulo a moto ndi ziŵeto. Funsani alangizi a zaulimi ndi a zankhalango za mbewu ya mitengo ndi kakonzedwe ka nazale. Yambani chaka chino ndi chinthu chimodzi, chaka chamaŵa muwonjezepo china.

Mafunso okambirana

1. Kodi mtengo umathandiza bwanji pa nkhani ya mvula?
2. M'munda mwanu muli zitsa zingati zimene zingaphukire?
3. Pa zinthu zinayi zija, inu muyamba ndi chiti?